Tifunseni za Msonkho: Makalata Ochokera ku Chigwa cha Shire

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno kuchokera ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi okhudza msonkho, ndipo m'pomveka, chifukwa kwa aliyense amene chaka chake cha malonda chinatha pa 31 Malichi, nthawi yopereka fomu ya msonkho ya pachaka ku bungwe la Malawi Revenue Authority, limene tonse timangoti MRA, yatsala pang'ono kutha. Tasankhapo makalata asanu ndipo tawafupikitsa, koma mafunso ake sitinawasinthe. Milingo ya msonkho imene ili m'zitsanzo zathu ndi ya chaka cha 2024/25. Nyumba ya Malamulo imasintha milingoyi nthawi ndi nthawi pokambirana bajeti, choncho amene akuwerengera chaka china atenge milingo ya chaka chimenecho ku ofesi ya MRA. Kawerengedwe kake kokha ndi kamene sikasintha.

Anandidula kale, ndilembenso fomu?

Ndimagula nyemba, nandolo ndi chimanga kwa alimi a kuno ku Ngabu ndi ku Miseu Folo, ndipo ndimaperekera ku sukulu ina yogonera pomwepo komanso ku kampani ina ya ku Limbe. Onse awiri akamandilipira amachotsako K3 pa K100 iliyonse, ati ndi ya boma. Anzanga ena akuti popeza amandidula kale ndilibenso mangawa ndi MRA, pamene ena akuti ndiyenera kulemba fomu chaka ndi chaka. Kodi zoona ndi ziti?
Bambo wa geni ya mbewu, Ngabu

Bambo, amene akukuuzani zoona ndi achiwiriwo, ndipo ndikukhulupirira kuti mukamva chifukwa chake fomuyo muilemba popanda wokukakamizani. Ndalama imene amakudulaniyo ndi withholding tax. Lamulo limafuna kuti sukulu, makampani, mabungwe ndi maofesi a boma olembetsedwa akamalipira munthu wowaperekera katundu azichotsako gawo limeneli ndi kulitumiza ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Koma kwa munthu wa bizinesi ngati inu, umenewu si msonkho womaliza ayi. Ndi ndalama yoperekeratu, yosungidwa m'dzina lanu podikira kuti msonkho wanu weniweni uwerengedwe. K3 ija amaidula pa mtengo wonse wa katundu, osayang'ana kuti munamugula pa mtengo wanji ndipo munamufikitsa bwanji, pamene msonkho weniweni umawerengedwa pa phindu lokha. Wodziwa phindu lanu ndi inu nokha, ndipo pouzira MRA za phindulo ndi pa fomu imene anzanu ena akuti muileke.

Tiyerekeze kuti chaka chonse munaperekera katundu wa K20 miliyoni. Zimene anakudulani zikwana K600,000. Tiyerekezenso kuti kugula mbewuzo kwa alimi, matumba, mankhwala oteteza ku anankafumbwe, lendi ya nyumba yosungiramo, aganyu okweza ndi kutsitsa, ndi galimoto yokwera nazo mtunda wa ku Thabwa mpaka ku Limbe, zonse pamodzi zinadya K17.6 miliyoni. Phindu lanu ndi K2.4 miliyoni. M'chaka cha 2024/25, K1.8 miliyoni yoyamba imene munthu wapeza pachaka sinkadulidwa msonkho, ndipo gawo lotsatira linkadulidwa K25 pa K100 iliyonse. Ndiye kuti msonkho wanu ukanawerengedwa pa K600,000 yotsalayo, n'kukwana K150,000 basi. Munapereka K600,000, mumayenera kupereka K150,000, kotero K450,000 ndi yanu. Munthu amene salemba fomu ndalama yotereyi amaisiya komweko chaka ndi chaka, kwinaku akudandaula kuti mpamba ukucheperachepera. Zimathekanso, phindu likakhala lalikulu, kuti msonkho upose zimene munadulidwa, ndipo zikatero mumangowonjezera yotsalayo.

Pamene ambiri a geni ya mbewu amagwera ndi pa umboni wa zimene anawononga. Mlimi wa kumudzi sapereka lisiti, ndipo wogula amangolemba manambala kuseri kwa katoni kapena amadalira mutu wake. Gulani kope lachikuto cholimba, ndipo tsiku lililonse logula muzilembamo deti, dzina la mlimi, mudzi wake, mtundu wa mbewu, makilogalamu, mtengo wa kilogalamu imodzi ndi ndalama zonse, kenako mlimiyo asainire kapena adinde chala. Chitaninso chimodzimodzi ndi aganyu ndi eni ngolo. Kope lotere, lolembedwa tsiku ndi tsiku ndi zolembera zosiyanasiyana, limakhulupirika pamaso pa wofufuza mabuku kuposa lolembedwa usiku umodzi ndi dzanja limodzi fomu itayandikira. Dziwaninso kuti fizi ya ana, ufa wa pakhomo ndi chipepeso cha pamaliro si zowonongera bizinesi, ngakhale zitachokera m'thumba lomwelo, ndipo kuzisakaniza kumachititsa kuti ngakhale zoona zanu zikayikiridwe.

Nthawi yake ndi masiku 180 kuchokera pamene chaka chanu cha malonda chathera. Kuyambira mu 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo ndi kutha pa 31 Malichi, osatinso Julayi mpaka Juni monga kale, ndipo amene amatsata chaka chimenechi ayenera kukhala atapereka fomu Seputembala asanathe. Amene mabuku awo amatsekedwa pa 31 Disembala, nthawi yawo imathera kumapeto kwa Juni. Palinso provisional tax, msonkho woyerekezera umene wa bizinesi amapereka miyezi itatu iliyonse, pasanathe masiku 25 miyeziyo itatha. Kwa inu ndi pofika pa 25 Julayi, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo. Zopereka zimenezi ziyenera kukwana 90 peresenti ya msonkho wa chaka chonse, ndipo zimene anakudulani kale zimawerengedwa momwemo. Kwa a malonda ang'onoang'ono, boma linayambitsa mu 2021 presumptive tax ya amene malonda awo pachaka sankapitirira K12.5 miliyoni, amene amangopereka ndalama yoikidwiratu, koma woperekera ku sukulu ndi ku makampani kawirikawiri amadutsa malire amenewo.

Chinthu chimene musachigonere ndi ichi: onetsetsani kuti muli ndi nambala yanu ya msonkho, TPIN, imene imaperekedwa ulere mukapita ndi chiphaso chanu cha unzika, ndipo aliyense wokudulani mumupatse nambalayo molondola ndi kumuuza akupatseni satifiketi yosonyeza zimene wadula. Popanda satifiketi imeneyi K600,000 ija ndi nkhani ya pakamwa chabe. Mukadzakhala mukupereka mafomu anu mokhulupirika, mukhoza kupempha withholding tax exemption certificate, chikalata chokulolani kulandira malipiro anu athunthu osadulidwa, ndipo kwa munthu woyendetsa geni ndi mpamba wochepa chimenechi n'chopindulitsa kuposa kudikira kubwezeredwa.

Ndidziwe bwanji pamene pafika ndalama zanga?

Ndili ndi kakampani komanga ndi kukonza nyumba za aphunzitsi ndi zimbudzi za m'sukulu. Pa malipiro aliwonse amandidula K4 pa K100. Wowerengera ndalama amene ndinamulemba ganyu anapereka fomu yathu ya chaka chatha pa nthawi yake, ndipo anandiuza kuti tinapereka msonkho wopitirira. Kuchokera apo sindikudziwa kuti ndiyambire pati polondola. Sabata yatha bambo wina anandiimbira foni kuti ndikamutumizira kangachepe afulumizitsa zonse. Ndichite chiyani?
Mayi wa makontirakiti, Nchalo

Mayi, ndiyambe ndi bambo wa pa foniyo, chifukwa ndi amene angakupwetekeni msanga. Musamutumizire ngakhale tambala. Kupempha kubwezeredwa msonkho sikulipiridwa, ndipo ndalama yopita ku MRA imalipiridwa ndi nambala yolipirira yotuluka pa Msonkho Online, tsamba la MRA la pa intaneti, osati pa foni ya munthu. Ngati ndi wakuba, mutaya ndalama zanu. Ngati ndi wogwira ntchito weniweni amene akufuna chiphuphu, mukamupatsa nanunso mwalowa m'mlandu. Sungani nambala imene anaimbirayo ndipo mukaitule ku MRA kapena ku polisi.

Tsopano za kulondola. Choyamba, funsani wowerengera wanu uja funso lolunjika: kodi anangopereka fomu, kapena anapemphanso kuti ndalama yopitirirayo ibwezedwe? Ambiri amaganiza kuti fomu ikasonyeza kuti mwapereka zochuluka, ndalama imanyamuka yokha kubwera ku banki. Musadalire zimenezo. Pempho lobwezeredwa liperekedwe palokha, ndipo likhale ndi umboni wake, umene kwa inu ndi masatifiketi onse a withholding tax, makope a makontirakiti, ma invoice ndi masitetimenti a ku banki osonyeza zimene munalandira.

Pempho likalowa limadutsa m'manja angapo. A MRA amayamba aunika fomu yanu ndi kutsimikiza msonkho umene kampani yanu imayenera kupereka, umene kwa kampani yolembetsedwa m'dziko muno ndi 30 peresenti ya phindu. Kenako amafananitsa masatifiketi anu ndi zimene okudulaniwo anatumizadi, ndipo nthawi zina amaitanitsa mabuku kapena kubwera kudzawaona okha. Akakhutira, amayang'ana ngati muli ndi ngongole ya msonkho wina uliwonse, monga PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro a antchito) ya amisiri anu, VAT kapena zilango zakale, ndipo ngongoleyo amaichotsa kaye. Yotsalayo ndi imene imavomerezedwa ndi kutumizidwa ku akaunti yanu ya ku banki, kuchokera ku thumba lapadera limene limalandira kagawo kochepa ka misonkho yotoleredwa. Popeza thumbalo ndi limodzi ndipo opempha ndi ambiri, kuphatikizapo makampani akuluakulu otumiza katundu kunja, ngakhale pempho lovomerezeka limakhala pamzere.

Pa zimene zimaimitsa pempho la munthu ngati inu, zambiri zimakhala mbali imene mungathe kuikonza nokha. Nthawi zina wokudulani anachotsadi K4 ija koma sanaitumize, kapena anaitumiza ndi nambala yolakwika, mwina ya inu mwini m'malo mwa ya kampani. Zikatero, m'kaundula wa MRA simuoneka kanthu m'dzina la kampani yanu, ndipo wofunika kukonza ndi wokudulaniyo. Mpitireni ndi satifiketi yanu m'manja ndipo mumupemphe umboni wakuti anatumiza. Nthawi zina pali fomu ya chaka china kapena ya mwezi wina imene simunapereke. Nthawi zina dzina la pa akaunti ya ku banki likusiyana ndi la pa TPIN. Koma chimene ndikufuna muchione lero lomwe ndi ichi: kodi imelo ndi nambala ya foni zimene zinalembedwa pa akaunti yanu ya Msonkho Online ndi za ndani? Eni mabizinesi ambiri kuno ku chigwa anatsegulitsa akaunti zawo kudzera kwa wowerengera, kwa mphwawo wodziwa kompyuta, kapena kwa mnyamata wa pamalo ojambulitsira mapepala, ndipo iye analembapo imelo yake. Uthenga wopempha chikalata chosowa umapita kumeneko, palibe amene amauwerenga, ndipo mwini ndalama amakhala akudikira yankho pamene a MRA nawo akudikira iye. Tengani dzina lolowera ndi mawu achinsinsi a akauntiyo akhale m'manja mwanu, sinthani imelo ndi foni zikhale zanu, ndipo phunzirani kutsegula tsamba losonyeza zimene kampani yanu yalipira ndi zimene yatsala nazo.

Mukatero lembani kalata yaifupi yopita ku ofesi imene imasunga fayilo yanu, yotchula TPIN, chaka cha msonkho, ndalama imene mukuyembekeza, deti limene munapempha ndi nambala ya pempholo, ndipo mufunse momveka kuti lafika pati ndiponso ngati pali chosowa. Pitani ndi makope awiri, imodzi ikadindidwe chidindo cha deti ndi kubwerera nayo. Akuluakulu anati chetechete sautsa nyama, koma kulondola kopindula ndi kolemba, chifukwa foni siisiya umboni ndipo wogwira ntchito amene munalankhula naye akhoza kusamutsidwa. Ngati kumene muli sizikumveka, likulu la MRA lili ku Msonkho House mu mzinda wa Blantyre, ulendo wa tsiku limodzi kupita ndi kubwera kuchokera ku Nchalo. Mukhozanso kupempha kuti ndalamayo, m'malo moidikira, aiwerengere ku msonkho wanu wa mtsogolo. Kwa kampani imene ikugwirabe ntchito, imeneyi nthawi zambiri ndiyo njira yachidule. Ndipo ngati atakulemberani kuti msonkho wanu ndi wochuluka kuposa umene munawerengera, muli ndi masiku 30 olemba kalata yotsutsa ndi zifukwa zanu. Masiku amenewa musawalole adutse, chifukwa njira yopita ku Revenue Appeals Tribunal, bwalo lomva madandaulo a misonkho limene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2021, imayambira pa kalata imeneyo.

Madzi anawononga mabuku, nthawi yatha

Ndili ndi sitolo ya zipangizo zomangira. Mu Malichi madzi analowa m'sitolo usiku, anawononga simenti, penti ndi mabuku onse a malonda. Mapepala ena anamatirirana moti sakutseguka, ena inki inasungunuka. Ndakhala ndikupereka fomu chaka chilichonse, koma chaka chino sindikuona kuti ndikwanitsa Seputembala asanathe. Kodi pali njira yopemphera nthawi?
Bambo wa sitolo, Bangula

Pepani kwambiri bambo ndi zimene zinakuonekerani. Njira ilipo. Lamulo la kayendetsedwe ka misonkho, Tax Administration Act la 2021, limapatsa mkulu wa MRA, Commissioner General, mphamvu yowonjezera nthawi yoperekera fomu kwa munthu amene ali ndi chifukwa chomveka. Chachikulu n'chakuti pempho lilembedwe ndi kufika tsiku lomaliza lisanakwane. Kalata yofika mu Ogasiti ndi pempho, koma yofika mu Novembala ndi kupepesa chabe, chilango cha kuchedwa chitagwa kale. Choncho lembani sabata ino.

M'kalatamo mutchule dzina la bizinesi, TPIN, chaka cha msonkho, chimene chinachitika ndi deti lake, zimene zinawonongeka, zimene mukuchita pofuna kubwezeretsa mabuku, ndi tsiku lenileni limene mukulonjeza kupereka fomu. Musalembe kuti mudzapereka zinthu zikakhala bwino; tchulani deti, ndipo likhale loti mulikwanitsa, chifukwa kupempha kachiwiri n'kovuta kuposa koyamba. Phatikizani umboni: zithunzi za sitolo ndi mabuku onyowawo, kalata ya mfumu ya dera lanu, ndi kalata yochokera ku ofesi ya bwanamkubwa kapena ku komiti yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ngati dzina lanu linalembedwa pa okhudzidwa. Mabuku omatiriranawo musawataye ngakhale akununkha nkhungu. Aumitseni pamthunzi ndi kuwasunga m'thumba la pulasitiki, chifukwa ndiwo umboni woposa wonse. Tchulaninso kuti zaka zonse zapitazi mwakhala mukupereka pa nthawi yake, pakuti mbiri yotere imakuyankhulirani. Kenako dikirani yankho lolembedwa. Kusayankhidwa si kuloledwa, ndipo ngati tsiku likuyandikira musanamve kanthu, pitani mukafunse ndi kope yanu yodindidwa.

Pali chinthu chimene ambiri amasokoneza, ndipo chimawalowetsa m'ngongole: kupatsidwa nthawi yoperekera fomu si kupatsidwa nthawi yolipirira msonkho. Chiwongoladzanja pa msonkho wochedwa chimawerengedwa pachokha. Ngati mukuona kuti ngakhale madzi anawononga katundu chaka chonsecho munapezabe phindu, yerekezani msonkho wake mwachilungamo ndipo mulipire tsiku lisanadutse. Mukalipira ndalama yoposa msonkho wanu, yopitirirayo idzawerengedwa kwa inu. Ngati ndalama palibe, imeneyo ndi nkhani ina yofunika kalata yakeyake, yopempha kulipira pang'onopang'ono.

Kubwezeretsa mabuku si kosatheka monga mmene kukuonekera panopa, chifukwa malonda anu ambiri anasiya mapazi kwina. Ku banki akupatsani sitetimenti ya chaka chonse. Ku Airtel Money ndi ku TNM Mpamba mukhoza kupempha mndandanda wa ndalama zimene zinalowa ndi kutuluka pa nambala yanu. Mashopu a ku Limbe ndi ku Blantyre kumene mumapikula simenti ndi malata amasunga makope a ma invoice, ndipo ngati mumagula m'dzina la sitolo sadzavutika kuwapeza. Masukulu, matchalitchi ndi mabungwe amene munawagulitsa katundu ali ndi malisiti anu m'mafayilo awo. Zotsalazo, monga malonda a tsiku ndi tsiku a misomali ndi mahinjesi, muziyerekeze potengera chaka chapitacho, ndipo munene poyera kuti ndi zoyerekeza ndi mmene mwaziwerengera. Pa ntchito ngati imeneyi ndi bwino kulemba wowerengera ndalama wovomerezeka, wa m'bungwe la akatswiri owerengera ndalama la ICAM, osati aliyense amene ali ndi laputopu.

Musaiwale kuwerengera katundu amene anawonongeka. Matumba a simenti amene anauma ngati miyala ndi chitayiko cha bizinesi, ndipo chimachepetsa phindu lodulidwa msonkho. Ngati a inshuwalansi anakupatsani kanthu, nakonso mukalembe. Zikapezeka kuti chaka chonse munaluza, lamulo limalola kuti chitayikocho chinyamulidwe kupita ku zaka za mtsogolo, mpaka zisanu ndi chimodzi, kuti chizichotsedwa pa phindu la zaka zimenezo. Koma chitayiko chimene sichinalembedwe pa fomu MRA sichidziwa. Apa ndi pamene zimandiwawa kwambiri, chifukwa amalonda ambiri a kuno amati chaka cha madzi palibe cholemba, n'kukhala chete, pamene chaka chimenecho ndicho chikanawapeputsira msonkho atadzukanso.

Ndiwonjezere mawu kwa onse a m'chigwa. Madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu Malichi 2019, a Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023, onse anabwera m'miyezi itatu yomaliza ya chaka cha msonkho cha masiku ano, pamene kabati ya sitolo imakhala itadzaza ndi mapepala a miyezi yambiri. Kumene madzi safika, kutentha kumagwira ntchito yomweyo: timalisiti topyapyala totuluka m'makina, tikakhala m'sitolo ya malata m'mwezi wa Okutobala ku Ngabu kapena ku Bangula, timafufutika mpaka kutsala pepala loyera. Pakutha pa mwezi uliwonse jambulani ndi foni masamba a kope lanu, malisiti akuluakulu ndi masatifiketi a msonkho, ndipo muzitumize ku imelo yanu kapena pa WhatsApp ya mbale wanu wokhala kumtunda. Kwa a ku Makhanga ndi ku Muona, amene msewu ukaduka amadalira bwato, kuphunzira kupereka fomu pa Msonkho Online kumapulumutsanso ulendo.

Ndimagwira miyezi isanu ndi iwiri yokha

Ndimagwira ntchito m'munda wa nzimbe nyengo yodula yokha, ndipo ikatha ndimabwerera kumudzi kukalima mapira. Mwezi uliwonse pa pepala la malipiro pamaoneka PAYE. Mnzanga akuti ife a nyengo tikhoza kubwezeredwa. Ndi zoona?
Mnyamata wa ku Bereu

Achimwene, mnzanuyo ali ndi mfundo, ngakhale si aliyense amene zingamukhudze. Olemba ntchito amadula PAYE mwezi ndi mwezi ngati kuti malipiro amenewo mudzalandira miyezi yonse 12, pamene msonkho wa munthu, mwalamulo, umawerengedwa pa zimene wapeza chaka chonse. M'chaka cha 2024/25 K150,000 yoyamba ya mwezi sinkadulidwa, imene pachaka ndi K1.8 miliyoni. Munthu wolandira K250,000 pamwezi ankadulidwa K25 pa K100 iliyonse ya K100,000 yapamwambayo, kutanthauza K25,000. Akagwira miyezi isanu ndi iwiri, walandira K1,750,000 ndipo wadulidwa K175,000. Koma K1,750,000 sinafike pa K1.8 miliyoni ija, ndiye kuti ngati chaka chimenecho analibe ndalama ina yodulidwa msonkho, zonse zimene anadulidwa zinali zopitirira. Abwana anu sanalakwe podula, chifukwa ndi mmene lamulo limawauzira. Kukonza kwake kumachitika pa fomu ya pachaka, ndipo wolemba ndi inuyo.

Mufunika TPIN yanuyanu, akaunti ya ku banki ya dzina lanu, mapepala anu onse a malipiro, ndi fomu ya P9 imene olemba ntchito amapereka, yosonyeza malipiro onse ndi PAYE yonse ya chakacho. Ipempheni ku ofesi ya malipiro musanabwerere kumudzi. Ngati miyezi yotsalayo munagwira ntchito kwina, kapena muli ndi njinga yamoto ya kabaza imene imakubweretserani ndalama, zonsezo ziyenera kulembedwa, ndipo zikhoza kuchepetsa kapena kuthetseratu chobwezedwacho. Werengerani kaye musanawononge ndalama ya thiransipoti. Ngati muli angapo a vuto limodzi, pitani limodzi ku ofesi ya MRA mukafunse zimene akufuna kwa antchito a nyengo, koma aliyense alembe fomu yake, ndipo musapereke chiphaso chanu cha unzika kwa munthu wolonjeza kukuyenderani.

Bizinesi inatha kalekale

Amuna anga anali ndi chigayo chimene chinasiya kugwira ntchito zaka zitatu zapitazo injini itawonongeka. Sitinauze aliyense. Tsopano tikufuna kugulitsa galimoto ndipo akuti pakufunika chikalata cha MRA. Kodi tili pa mlandu?
Mayi wa pa boma, Nsanje

Mayi, imeneyi ndi nkhani yofunika kuikonza msanga. Chigayo chikaima, TPIN siima. M'kaundula wa MRA bizinesiyo ikadali yamoyo, ndipo chaka chilichonse chimene fomu sinaperekedwe chimaoneka ngati kuchedwa, chimene chili ndi chilango chake. Lamulo limalolanso a MRA kuyerekeza okha msonkho wa munthu amene sanapereke fomu, ndipo akhoza kutengera zaka zimene chigayo chinkagaya. Chikalata chimene akukufunsanicho ndi tax clearance certificate, chimene chimafunika posintha umwini wa galimoto kapena wa malo, ndiponso popikisana nawo pa ntchito za boma, ndipo sichituluka mafomu ena akusowa.

Bambowo apite okha ndi chiphaso chawo, popeza nambalayo ili m'dzina lawo. Akapemphe mndandanda wa zaka zimene zikusowa, ndipo pa chaka chilichonse apereke fomu yosonyeza kuti panalibe malonda. Alembenso kalata yodziwitsa deti limene chigayo chinaima, ndi umboni monga kalata ya mfumu, ya makaniko amene anaona injiniyo, kapena mabilu a magetsi osonyeza kuti anasiya kugwiritsa ntchito. M'kalata yomweyo anene ngati akutsekeratu bizinesiyo kapena akuyembekeza kudzayambiranso, ndipo ngati zilango zawerengedwa kale, apemphe kuti aganiziridwe, pofotokoza zifukwa zake moona. Wogula galimotoyo mumuuziretu kuti chikalatacho chitenga masiku, ndipo musalandire ndalama yonse chisanatuluke.